Seattle Pilots sidafere m'bwalo

Pa 2 Okutobala 1969, anthu 5,473 okha ndi amene adalowa m'bwalo la Sick's Stadium mumzinda wa Seattle ku America kukaonera timu yawo ya baseball, Seattle Pilots, ikusewera ndi Oakland Athletics. Pilots idagonja 3–1. Ochemerera adabwerera kwawo akudziwa kuti sizoni yatha, koma sadadziwe kuti timuyo ayitsanzika. Patatha miyezi 6, ambiri mwa osewerawo adali mumzinda wina, ku Milwaukee, atavala malaya omwe aja, ongosomolapo dzina lakale n'kusokapo lina lakuti Brewers.

Moyo wonse wa Seattle Pilots udali chaka chimodzi. Munthu akafuna kuifotokoza mwachidule amangotchula manambala awiri: idapambana masewero 64, idagonja 98, ndipo idathera kumchira kwa gulu lake la American League West, gulu la kumadzulo la American League, imodzi mwa ligi ziwiri zikuluzikulu za baseball ku America. Akatero amaona ngati wamaliza nkhani, chifukwa timu yogonja chotere, yosewera pamaso pa anthu ochepa chotere, ikanatha bwanji kukhalitsa? Ine maganizo amenewa ndikuwakana. Ndakhala ndikutsata zotsatira za timuyi sewero ndi sewero, kuyambira Epulo mpaka Okutobala, ndipo zimene ndapezamo ndi timu yatsopano yofooka monga zimakhalira ndi matimu onse ongobadwa kumene, yokhala ndi masiku ake abwino, imene idagwa mphwayi miyezi iwiri ya pakati. Chimene chidaipha sichioneka pa zotsatira zimenezi. Chidachitikira m'maofesi, ndipo chidayamba mpira usadaponyedwe n'komwe.

Kwa amene baseball saidziwa, mfundo ziwiri zitatu ndi zokwanira. Timu imodzi imaponya mpira ndi kuteteza bwalo, ina imamenya mpirawo ndi ndodo. Akatuluka omenya atatu, amasinthana. Matimu onse awiri akamenya, chimenecho ndi chigawo chimodzi, chimene eni ake amachitcha inning, ndipo sewero limakhala ndi zigawo 9. Womenya akazungulira ma base onse, malo oimapo amene adaikidwa m'bwalomo, n'kubwerera pamene adayambira, timu yake imapeza run imodzi, ndiye chigoli chake chimenecho. Zigawo 9 zikatha matimu ali ofanana mphamvu, amapitiriza mpaka wina apambane. Chofunika koposa pankhani yathu ndi kuchuluka kwa masewero: timu iliyonse imasewera ka 162 pa sizoni, pafupifupi tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6. Ligi ya mpira wamiyendo ya matimu 16 imapatsa timu masewero 30 okha. Mu baseball, ngakhale timu yamphamvu imagonja ka 50 kapena 60 pachaka osadandaula. Baltimore Orioles, yomwe idaposa onse mu 1969, idagonja ka 53.

Tiyambe ndi mmene Pilots idabadwira, chifukwa matenda ake adali obadwa nawo. Sizoni ya 1967 itatha, Charlie Finley adasamutsa timu yake ya Athletics kuchoka ku Kansas City kupita ku Oakland. Akuluakulu a American League adalonjeza kuti Kansas City ndi Seattle adzapatsidwa matimu atsopano pofika 1971. Koma Stuart Symington, seneta wa chigawo cha Missouri, adakana kudikira zaka zonsezo, ndipo adaopseza kuti alimbana ndi mwayi wapadera umene baseball ili nawo wosakhudzidwa ndi malamulo oletsa kuphangira malonda. Eni matimu adachita mantha n'kubweza tsikulo kufika ku 1969. Kansas City sizidaivute: bwalo la Municipal Stadium lidali chilili, ndipo mwini timu yatsopano ya Royals, Ewing Kauffman, adali mpondamatiki wa kampani ya mankhwala. Koma ligi sikadawonjezera timu imodzi yokha, pakuti ndandanda ya masewero imafuna matimu awiriawiri. Motero Seattle idakokedwa kuti ilowe nawo mu 1969, zaka ziwiri nthawi yake isadakwane. Njovu zidamenyanirana ku Missouri, udzu umene udapondedwa udali ku Seattle.

Anthu a m'boma la King County adali atachita mbali yawo. Mu Febuluwale 1968 adavomereza pa voti kuti pabwerekedwe madola 40 miliyoni omangira bwalo lalikulu lofoleredwa. Koma bwalo lotere silimangika m'miyezi 14. Podikira, Pilots idayenera kusewera mu Sick's Stadium, bwalo la 1938 limene Emil Sick, mwini kampani yofulula mowa, adamangira timu ya ligi yaing'ono ya Seattle Rainiers. Mgwirizano udali woti likuzidwe kufika pa mipando 30,000. Tsiku la sewero loyamba la pakhomo mipando idali isadakwane 20,000, akalipentala adali akukhomabe mabenchi, ndipo ena ogula matikiti adaimirira kudikira kuti pokhala pawo pathe. Anthu akachuluka m'bwalomo madzi ankachepa mphamvu m'mipopi, zimbudzi n'kuleka kugujumuka, osewera n'kumakasambira kunyumba kapena kuhotela. Pamwamba pa zonsezi, matikiti a Pilots adali m'gulu la okwera mtengo kwambiri mu ligi yonse. Kumbukirani zimenezi tikamafika pa chiwerengero cha ochemerera.

Tsopano masewero enieniwo.

Pa 8 Epulo, Pilots idayambira koyenda, ku Anaheim, ndi California Angels. Tommy Harper, womenya woyamba m'mbiri ya timuyi, adamenya mpira umene udamufikitsa pa base yachiwiri. Mike Hegan, wotsatira wake, adautulutsa kunja kwa mpanda, home run. Chigawo choyamba chomwecho Pilots idapeza ma run 4, ndipo idawateteza mpaka kumapeto n'kupambana 4–3, Marty Pattin ndiye woponya amene adalembedwa chipambanocho. Patatha masiku atatu, pa 11 Epulo, pamaso pa anthu pafupifupi 15,000 m'bwalo losatha kumangidwa lija, Gary Bell adaponya zigawo zonse 9 osalola run ngakhale imodzi, ndipo Chicago White Sox idakwapulidwa 7–0. Don Mincher adamenya home run tsikulo. Pambuyo pake zinthu zidazizira, moti Epulo yense adatha ndi zipambano 7 zokha.

Mwezi wa Meyi ndi umene ndimakonda kubwererako. Pa 10 Meyi, Washington Senators ya mphunzitsi Ted Williams idali ikutsogola 11–3 ku Seattle. Kusiyana kwa ma run 8 ndi kwakuti ochemerera ambiri amanyamuka kuti akapeze basi. Pilots idabweza zonsezo n'kupambana 16–13. Pasadathe sabata, pa 16 Meyi ku Fenway Park mumzinda wa Boston, sewero lidafika chigawo cha 11 matimu ali ofanana. Pilots idathira ma run 6, Red Sox idabweza 5, ndipo alendo adatuluka ndi chipambano cha 10–9 mtima uli m'mwamba. Timu yotaya mtima siisewera motere. Awa adali amuna amene matimu awo akale adawasiya poyera kuti wofuna atole, ena okalamba, ena opweteka mikono, ena amene sadapatsidwepo mpata, ndipo kwa miyezi itatu adakana kukhala choseketsa. Pofika pa 28 Juni, Pilots idali masewero 6 okha kumbuyo kwa timu yotsogola m'gulu lake, ndipo idakhala pa nambala 3 mwa matimu 6 kwa nthawi yaitali, mpaka mu Ogasiti.

Muli sewero lina mu Juni limene pa nthawiyo lidangooneka ngati lamasiku onse. Chaka chimenecho White Sox inkasewera ena mwa masewero ake a pakhomo ku Milwaukee County Stadium, limodzi ndi timu iliyonse ya mu ligi. Adakonza zimenezi adali Bud Selig, wogulitsa magalimoto wa ku Milwaukee, amene kuyambira pamene Braves, timu ya mzindawo, idasamukira ku Atlanta itatha sizoni ya 1965 sadagone tulo kufunafuna timu yolowa m'malo. Choncho Pilots idapondako ku Milwaukee monga mlendo wa tsiku limodzi, m'bwalo limene miyezi 10 yotsatira lidadzakhala kwawo. Wongowerenga manambala awiri a kumapeto kwa chaka sangazione zimenezi. Wotsata tsiku ndi tsiku amaona kuti wogula adali kale pakhomo, bwalo lake lili losesa, pamene ku Seattle madzi akuvuta m'mipopi.

Kenako Julayi ndi Ogasiti. Pano sindibisa kanthu: timu idagwa chagada. Mu Julayi idapambana 9 n'kugonja 20. Mu Ogasiti idapambana 6 n'kugonja 22. Mkati mwa mdimawo munkawala timiyuni apo ndi apo. Mu Julayi momwemo woponya Fred Talbot, munthu amene ntchito yake sidali kumenya, adamenya home run ma base onse ali odzaza, ndipo wochemerera wina adapata madola oposa 25,000 pa mpikisano wa pawailesi chifukwa cha kumenya kumeneko. Pa 27 Julayi adalimbana ndi Boston kwa zigawo 20, kutanthauza masewero awiri ndi kachidutswa m'tsiku limodzi, n'kugonja 5–3. Sewero lotere limamaliza oponya onse, ndipo timu yopanda anthu okwanira imalipira ngongole yake kwa sabata yathunthu. Hegan, amene adali womenya wodalirika kuposa onse ndipo adasankhidwa kukasewera m'masewero a akatswiri a All-Star, adavulala, Mincher n'kupita m'malo mwake. Rich Rollins naye bondo lidamugwetsa. Timu yakale ikavulala osewera awiri imaitana achinyamata amene yakhala ikuwakulitsa m'matimu ake aang'ono. Timu ya miyezi inayi ilibe nkhokwe yotapamo.

Tiwerenge bwino. Miyezi iwiriyi pamodzi ikupereka zipambano 15 ndi kugonja 42. Tikazichotsa pa 64 ndi 98, zotsala ndi 49 ndi 56. Ndiye kuti kwa miyezi ina yonse, masewero oposa 100, Pilots inkapambana pafupifupi theka la masewero ake. Ndikudziwa kuti wina anena kuti palibe timu imene imaloledwa kufufuta miyezi yake yoipa, ndipo akunena zoona. Ogasiti adachitikadi ndipo adawerengedwa. Sindikunena kuti Pilots idali timu yabwino. Ndikunena kuti idali timu wamba. Onani mmene gulu lake lidathera: Minnesota Twins 97, Oakland 88, kenako California 71, Kansas City 69, Chicago 68, Seattle 64. Pakati pa nambala 3 ndi kumchira padali masewero 7 okha pa 162. Matimu ena awiri amene adabadwa chaka chomwecho ku National League, ligi ina yaikulu, Montreal Expos ndi San Diego Padres, aliyense adapambana 52 n'kugonja 110. Pilots idawaposa ndi masewero 12. Ndipo chaka chomwechi cha 1969, chikho cha World Series, chimene amalimbirana akatswiri a ligi ziwirizi, chidapita kwa New York Mets, timu imene m'chaka chake choyamba, 1962, idagonja ka 120. Mets idapatsidwa zaka 7 zoti ikule. Pilots sidapatsidwe ngakhale chachiwiri.

Mwa osewerawo mudali anthu ooneka. Harper adaba ma base 73 (kuba base ndi kuthamangira pa base yotsatira mpira usadamenyedwe), kuposa wina aliyense chaka chimenecho, ndipo mu American League padalibe amene adafikapo pamenepo chichokereni Ty Cobb ndi 96 yake ya mu 1915. Mincher adamenya ma home run 25. Mwa oponya mpira, Gene Brabender adapambana masewero 13, Diego Seguí wa ku Cuba 12. Mike Marshall, amene ku Seattle adapambana 3 n'kugonja 10, ndi yemwe uja adadzatenga mphotho ya Cy Young, ya woponya wopambana onse mu ligi, mu 1974 ali ku Los Angeles Dodgers, ataponya m'masewero 106. Harper yemwe, chaka chotsatira ku Milwaukee, adamenya ma home run 31 n'kuba ma base 38. Mbewu idalipo.

Apa ndiyenera kuwapatsa chilungamo amene sagwirizana nane, chifukwa zolakwa za akuluakulu a timuyi nazo n'zosabisika. Marvin Milkes, amene ankayang'anira zogula ndi kugulitsa osewera, adali wosakhazikika: timu idagwiritsa ntchito osewera 53 m'sizoni imodzi, anthu akungolowa ndi kutuluka ngati pa depoti. Sabata imodzi sizoni isadayambe adapereka Lou Piniella ku Kansas City posinthana ndi Steve Whitaker ndi John Gelnar, ndipo Piniella adakatenga mphotho ya wosewera watsopano wopambana onse mu American League chaka chomwecho. Kumapeto kwa Ogasiti adagulitsa Tommy Davis, amene adabweretsa ma run ochuluka kuposa onse m'timumo, ku Houston. Mphunzitsi Joe Schultz adachotsedwa ntchito sizoni itatha. Izi zonse n'zoona. Koma zolakwa zamtunduwu zimachotsetsa anthu ntchito, sizithetsa timu. Matimu ambiri adagulitsapo katswiri mopusa ndipo alipobe mpaka lero.

Mlandu wolemera kwambiri umene anthu amaupereka ndi wa ochemerera: akuti Seattle sidaikonde timu yake. Chaka chonse adalowa pachipata anthu 677,944, kutanthauza 8,000 ndi mazana angapo pa sewero. N'zochepa, sindikana. Koma pa matimu 24 a chaka chimenecho, Pilots idali pa nambala 20. Idaposa Cleveland Indians, Chicago White Sox ndi Philadelphia Phillies, matimu a zaka makumimakumi m'mizinda ikuluikulu, ndipo idaposanso San Diego Padres, imene m'bwalo lake latsopano la 1967 mudalowa anthu ongopitirira pang'ono 500,000. Palibe imodzi mwa matimu anayiwa imene idathetsedwa. Anthu a ku Seattle ankalipira mtengo wokwera kuti akhale pa thabwa m'bwalo la zimbudzi zosagwira ntchito, m'mzinda wa mvula, pa nthawi imene kampani ya Boeing, mwini ntchito wamkulu m'deralo, idali itayamba kuchotsa anthu, ndipo pofika 1971 idali itatsitsa antchito ake kuchoka pa 100,000 kufika posakwana 40,000. Ndipo anthu omwewa ndi amene adakhazikitsa gulu lochemerera Ray Oyler, wosewera wodziwa kugwira mpira koma wolephera kumenya kuposa pafupifupi aliyense mu ligi, n'kumamuimbira m'manja akamapita kukamenya. Mzinda wosakonda timu suchita zotere.

Chitsanzo cha Montreal n'chimene chimandivuta pang'ono, ndipo sindichizemba. Expos nayo idayambira m'kabwalo kongoyembekezera, Jarry Park, idagonja ka 110, koma anthu oposa 1.2 miliyoni adapita kukaonera. Zikuonetsa kuti bwalo loipa palokha si chifukwa chokwanira, ndipo eni Pilots akadatha kukopa anthu ambiri akadatsitsa mitengo ndi kugwirizana bwino ndi akuluakulu a mzinda, amene ankangokangana nawo za lendi ndi za kukonza bwalo. Komabe kusiyana kwenikweni kudali m'thumba. Kumbuyo kwa Expos kudali Charles Bronfman wa banja la kampani ya Seagram. Kumbuyo kwa Royals kudali Kauffman. Padres itatsala pang'ono kusamukira ku Washington, likulu la dzikolo, mu 1974, Ray Kroc wa McDonald's adaigula n'kuisiya ku San Diego. Kumbuyo kwa Pilots kudali abale awiri, Dewey ndi Max Soriano, anthu odziwa baseball koma opanda chuma chotere. Dewey adali mtsogoleri wa ligi yaing'ono ya Pacific Coast League komanso wolondolera sitima zapamadzi polowa padoko, ndipo dzina lakuti Pilots likugwirizana ndi ntchito imeneyo pamodzi ndi ya ndege. Gawo lalikulu la ndalama, 47 pa 100 iliyonse, lidali la William Daley wa ku Cleveland, munthu wakutali amene kutaya kutayamba adakana kuthiramo zina.

Ligi inkadziwa zonsezi pamene inkawapatsa timu. Idawalipiritsa madola oposa 5 miliyoni, pa mtengo wa 175,000 wosewera mmodzi kwa osewera 30 amene matimu ena adawasiya. Padalinso miliyoni imodzi yopepesera Pacific Coast League chifukwa cholanda mzinda wake. Anthu opanda ndalama zokwanira, bwalo losatha, nthawi yodulidwa ndi zaka ziwiri chifukwa cha mkangano wa kwina: ameneyu ndi mwana amene adabadwa masiku asadakwane n'kugonekedwa panja. Akamwalira, sitifunsa ngati ankakwawa bwino.

Mmene zidathera zikutsimikiza kuti zotsatira za m'bwalo sizidali nkhani. Mu Okutobala 1969, World Series ili mkati, eni Pilots adagwirizana mwachinsinsi ndi gulu la Selig pa mtengo wa madola 10.8 miliyoni. Ligi poyamba idakana, poopa aphungu a chigawo cha Washington, mmene muli Seattle, ndi makhoti. Anthu a ku Seattle adayesa kuipulumutsa. Fred Danz, mwini nyumba zoonetsera kanema, adabwera ndi gulu lake, koma zidasokonekera pamene Bank of California idaitanitsa ngongole imene eni timu adatenga poyambira. Edward Carlson, mkulu wa kampani ya mahotela, adabweretsa njira ina: timu ikhale ya anthu a mumzindamo, yosafuna phindu. Eni matimu ena adaikana njirayi, poona kuti ikhoza kutsitsa mtengo wa matimu awo. Mfundo imeneyi ndi imene imandipweteka koposa. Mzinda umene ukunenedwa kuti sudasamale udabwera ndi manja awiri kuti uisunge timu yake, ndipo amene adautsekera chitseko ndi omwe adaukankhira m'mavutowo.

Osewera adapita kokonzekera sizoni ya 1970 ku Tempe, Arizona, akadali Pilots, ali ndi mphunzitsi watsopano Dave Bristol, osadziwa kuti akabwereke nyumba mumzinda uti. Galimoto yonyamula katundu wa timu idaima ku Provo, Utah, kudikira kuti iuzidwe kolowera, kumpoto chakumadzulo kapena kummawa. Kutatsala pafupifupi sabata imodzi kuti ligi iyambe, Sidney Volinn, woweruza milandu ya makampani ogwa ndi ngongole, adalola kuti timu igulitsidwe. Galimoto idakhotera ku Milwaukee. Pa 7 Epulo 1970, Milwaukee Brewers idasewera koyamba, ndi California Angels yomwe ija, n'kugonja 12–0.

Brewers ya 1970 idapambana masewero 65 n'kugonja 97. Sewero limodzi lokha kuposa Pilots. Palibe amene adanena kuti timu yogonja chotere siyenera kukhalapo. Idali ndi bwalo lenileni ndi eni ake okhoza kupirira kutaya ndalama, anthu oposa 900,000 adabwera, ndipo mu 1982 idafika mu World Series. Selig mwiniwake adadzakhala mkulu wa baseball yonse ya ligi zikuluzikulu kwa zaka zoposa 20. Sindimuda chifukwa chofunira mzinda wake timu. Milwaukee nayo idalandidwapo. Amene ndikuwaloza chala ndi eni matimu a American League, amene adalandira ndalama za Seattle, nalephera kuipatsa nthawi kapena thandizo lokwanira, nakana njira yoisungira.

N'chifukwa chiyani ndikuvutika ndi timu ya kutali, ya masewero amene ambiri a ife sitidawaonepo, imene idatha zaka zoposa 50 zapitazo? Chifukwa mmene imakumbukiridwa mukusowa chilungamo. Ambiri amene amaidziwa adaidziwira m'buku la Ball Four, limene woponya Jim Bouton adatulutsa mu 1970, lofotokoza za m'chipinda chovalira ndi m'mabasi. Bukulo lidasunga dzina la timuyi kuti lisaiwalike, koma lidasiyanso chithunzi chakuti Pilots idali gulu la anthu a nthabwala okhaokha, ndipo Bouton mwiniyo adagulitsidwa ku Houston mu Ogasiti, sizoni isadathe. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Zotsatira za tsiku ndi tsiku ndizo mboni imene idalipo masiku onse, ndipo zikunena za anthu amene adabweza ma run 8 pa Washington, adalimba zigawo 20 pa Boston, ndipo atathyoka mu Ogasiti adadzukanso n'kumaliza sizoni akupambana pafupifupi theka la masewero otsala. Ambiri mwa iwo sadakhale akatswiri otchuka. Kwa ena, chaka cha ku Seattle ndicho chidali mwayi wawo wotsiriza mu ligi yaikulu. Kuwasenzetsa imfa ya timuyi ndi kuwanamizira.

Mlandu suola. Slade Gorton, loya wamkulu wa chigawo cha Washington, adasumira American League m'malo mwa chigawocho, boma la King County ndi mzinda wa Seattle. Nkhaniyo idakokeka zaka 6 mpaka idalowa m'khoti ku Everett kumayambiriro kwa 1976, ndipo mlandu uli mkati ligi idavomera kupereka timu yatsopano kuti osuma ausiye. Bwalo lofoleredwa limene anthu adavotera mu 1968, Kingdome, lidatsegulidwa chaka chomwecho cha 1976. Sick's Stadium idagwetsedwa mu 1979, ndipo pamalopo padadzamangidwa sitolo yaikulu ya zipangizo zomangira nyumba. Piniella, amene Pilots idamutaya asadasewereko ngakhale kamodzi, adabwerera ku Seattle mu 1993 monga mphunzitsi wa timu yatsopanoyo, Seattle Mariners, ndipo mu 2001 timu yake idapambana masewero 116.

Pa 6 Epulo 1977, Seattle Mariners idasewera sewero lake loyamba mu Kingdome pamaso pa anthu oposa 57,000. Adani adali California Angels, kachitatu tsopano. Woponya mpira woyamba adali Diego Seguí, munthu yekhayo amene adavalapo malaya a Pilots ndi a Mariners, ali ndi zaka 39. Mariners idagonja 7–0 usiku umenewo. Sizoni itatha, anthu oposa 1.3 miliyoni adali atalowa pachipata, ndipo timuyo idali itapambana masewero 64 n'kugonja 98.